Mlendo wa ku Matero wafika mu Kalingalinga

Lero ndakwanitsa masabata atatu chisamukire kuno kuchokera ku Matero. Katundu analowa yense m'galimoto imodzi, koma anzanga a nsolo anatsala. Kumeneko aliyense ankadziwa kuti Loweruka masana mundipeza pansi pa mtengo wamango ndikuseweretsa miyala. Kuno ndine "aja abwera kumene aja" basi.

Dzulo ndinatsika mumsewu wa Alick Nkhata, kumene akalipentala amaika mabedi panja ndipo owotcherera zitsulo amapanga mageti mpaka dzuwa kulowa. Kuseri kwa kantemba ndinamva kulira kwa miyala m'maenje. Ndinaima. Amdala ena, utuchi uli mbuu m'tsitsi, anandiyang'ana n'kuti, "Akulu, mumangoonerera kapena dzanja limadziwa?" Ndinakhala pa njerwa. Anandidya kawiri osapuma, anthu n'kumaseka, koma pochoka ndinali nditadziwa mayina asanu ndiponso kumene amagulitsa makala osanyowa.

Tsono ndidzitchule bwino kwa inu aneba atsopano. Ndimakonda nsolo. Ndimaweta nkhunda, zisanu ndi imodzi, zikadali zotsekera kuti zisabwerere ku Matero. Ndimamvera kalindula, makamaka Amayenge ndi P.K. Chishala. Ndipo mukandiyambitsa za Chipolopolo ku Libreville mu 2012, nsima izizira.

Amene muli kuno kapena ku Mtendere ndipo mumakonda zomwezi, Loweruka tikumane kuseri kwa kantemba kaja. Amdala aja andilonjeza kundidyanso, bwerani mudzandithandize.