Kutalika kwa Msuweni Wanga

Kwathu kwa Mpama, ku Chiradzulu, msuweni wanga amathyola mango popanda ngowe. Pano pa koleji kutalika komweko kwamulowetsa m'timu ya basiketibolo, ndipo anyamata ayamba kale kumutcha wa ku Amereka. Dzulo usiku anandifunsa, "Msuweni, iwe umaonera masewero anga onse. Kodi a NBA angandisankhe?" Mayeso atsala milungu iwiri, mabuku ake ali mbuu ndi fumbi.

Ndinakhala chete. Ndinakumbuka Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wamtali mamita 2.21, amene a Memphis Grizzlies anamusankha wachiwiri mu 2009, koma sanapite patali. Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, wosankhidwa woyamba mu 1984, chinamukweza ndi mapazi, amene anawasula ali goloboyi wa mpira wamiyendo.

Mapazi a msuweni wangayu ndi olemera. Mpira ukagunda mkombero amautola ndithu, koma mdani akamuzembera kumanzere iye amatembenuka ngati ngolo ya ng'ombe. Gawo lachitatu lisanathe amakhala ali wefuwefu.

Zonsezi sindinamuuze. Ndinangoti, "Tiye tikawerenge kaye." Anaseka, natenga mpira wake. Kalata ya azakhali yofunsa za mayeso ake ili pansi pa pilo, sindinaiyankhe.