Utoto Woyera ndi Utoto Wobiriwira

Kupaka utoto m'nyumba si nkhani ya kukongoletsa kokha ayi. Utoto umene tisankha ungathe kuwalitsa chipinda kapena kuchichititsa mdima.

Titamaliza kumanga nyumba yathu, ine ndi akazi anga tinasiyana maganizo pa utoto woyenera pabalaza. Iwo anafuna wobiriwira kwambiri, wonga madzi akuya a pa nyanja. Ine ndinafuna woyera.

"Bambo, utoto woyera suchedwa kuda," iwo anatero. "Ana athuwa akagwira khoma ndi manja a ndiwo, adzatsuka ndani?"

Mawu awowo anali oona. Khoma loyera silisunga chinsinsi. Fumbi, mwaye ndi zala za ana zonse zimaonekera poyera, pamene khoma lobiriwira limabisa litsiro kwa nthawi yaitali.

Komabe nanenso ndinali ndi zifukwa zanga. Khoma loyera limabweza magawo pafupifupi 8 mwa magawo 10 a kuwala kumene kwafika pa ilo. Khoma lobiriwira kwambiri limameza kuwala kochuluka ndi kubweza kochepa chabe. Tsono pabalaza pathupo pali zenera limodzi lokha, ndipo ndi pamene ana amawerengera madzulo. M'chipinda choyera nyali imodzi imakwanira, koma m'chipinda chamdima mwana amayandikitsa buku kumaso, ndipo maso ake amatopa msanga.

Chifukwa china ndi udzudzu. Udzudzu umene umafalitsa malungo ukaluma munthu umakonda kukapumula pa khoma. Pa khoma loyera umaonekera patali, koma pa lobiriwira umabisala.

Pomaliza tinagwirizana kutsanzira zimene tinkaona m'zipatala ndi m'sukulu zambiri. M'munsi mwa khoma, mpaka pamene manja a ana amalekezera, tinapakamo utoto wobiriwira wa mafuta, umene umapukutika ndi nsalu yonyowa. M'mwamba monse tinapakamo woyera. Posankha utoto wa mafutawo tinaonetsetsa kuti ulibe mtovu, pakuti mtovu umaononga ubongo wa ana.

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nanunso ana, tsiku lina mudzamanga nyumba zanu. Musadzathamangire utoto chifukwa chakuti wakukomerani m'maso m'sitolo. Poyamba mudzawerenge mazenera, ndipo mudzaganizire ntchito imene izidzachitika m'chipindamo.