SIKELO ISANAME, NGAKHALE POYESA A PRESIDENT

 

Pa 13 August chaka chino cha 2026 tikavota. Masiku ano ukangotchula mtengo wa unga, wina wayamba kale kufunsa, "Kansi imwe ndimwe a chipani chiti?" Ena mwandiuza kuti munthu woima kutsogolo m'tchalitchi asamakambe za a President. Ndamva. Koma Sande iliyonse timapempherera Mtsogoleri wa dziko, ndipo munthu amene umamupempherera sungamubisire pamene waponda molakwika. Natani anali mneneri wa mfumu Davide, ndipo ndiye anamudzudzula pamaso.

Ife amalonda timadziwa sikelo. Ukaikhotetsa kuti ubere wogula lero, mawa idzakubera iwe pokaoda. Tiyeni tsono tiwaike a Hakainde Hichilema pa sikelo yowongoka.

Zabwino zilipo, tisakane. Mukumbukira makada m'misika ndi m'masiteshoni 2021 isanafike, kutolera ndalama ngati msika ndi wa atate awo. Analetsedwa. Kuyambira January 2022 ana akuphunzira kwaulere mpaka ku sekondale, ndipo mayi wogulitsa nthochi pa Great East Road ku Nyimba akudziwa kuti mtolo umenewo unali wolemera bwanji. CDF inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Mu December chaka chomwecho anachotsa lamulo lomanga munthu chifukwa chonyoza President. Zimenezi tiyamike.

Manje mbali inayo. Pa kampeni tinamva kuti thumba la unga la 25kg lidzafika pa K50. Mu 2024 linapitirira K300. Inde, chilala chinali chachikulu, boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024, ndipo palibe President amene amagwetsa mvula. Madzi a ku Kariba ataphwa malaiti anasowa usana ndi usiku. Wa butchery nyama inamuwolera, wowotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi anakhala manja lende, renti ikuyendabe. Chilala sitimuimba nacho mlandu munthu. Chimene chimawawa ndi lonjezo lopanda "pepani". Ukauza kasitomala kuti katundu afika Lachisanu, loli n'kufera panjira, umapita kukamufotokozera. Sumamuuza kuti anamva molakwa.

Mu 2025 mvula inagwa bwino, chimanga chinachuluka. Alimi anapereka ku FRA pa K340 thumba la 50kg, koma ambiri anadikira ndalama zawo nthawi yaitali. Inu mudziwa kuti mlimi akapanda kulandira, msika umagona. Salaula sayenda, kapenta sayenda, buku la ngongole lokha ndilo limadzaza.

China chimene chindidetsa nkhawa ndi mantha. Mu April 2025 anasaina malamulo atsopano a cyber, ndipo ambiri tsopano amalemba pa Facebook n'kufufuta, kuopa kuti mwina awatola. Mtsogoleri amene anachotsa lamulo lija la kunyoza President ayenera kukhala woyamba kuuza anthu kuti, kambani, ndikumva. Wozunguliridwa ndi oomba m'manja okhaokha sadziwa kuti denga likudontha mpaka mphasa itanyowa.

Koma kudzudzula si kutukwana ayi. Kutchula mtundu wa munthu, mayi ake, kapena kufalitsa nkhani imene sunaitsimikize, kumeneko ndi kunama, ndipo Mkhristu alibe gawo m'menemo. Sikelo yomweyo tiyesere nayo otsutsa boma. Ena mwa iwo anali m'boma pamene makada ankativutitsa, ndi pamene dziko linalephera kubweza ngongole mu November 2020. Nawonso ayankhe. Kuno kwathu mawu akuti "wako ni wako" tawamva kwambiri, koma unga sufunsa ngati ndiwe Mnsenga, Mchewa kapena Mtonga. Mtengo ndi umodzi.

Choncho akabwera ndi zitenje ndi ma T-shirt, alandireni mwaulemu, muwapatse mpando, kenaka mufunse: fataleza adzafika mvula isanagwe kapena itapita? Mlimi adzalipidwa patapita masiku angati? Malaiti bwanji? Chitenje chimatha Khrisimasi isanafike, koma voti mudzakhala nayo zaka 5. Anyamata athu, musamenyane chifukwa cha anthu amene sadziwa n'komwe dzina lanu. Pa 14 August mnzako wa chipani china adzakhala ali pompo pa tebulo loyandikana nalo lako, ndipo ndiye adzakusinthira K100 ukasowa chenji.

Sungani bwino NRC ndi khadi lovotera. Ine sindikuuzani woti mumuvotere.

Ambuye, patsani a President makutu akumva, ndi ife pakamwa ponena zoona mopanda chidani. Amen.

Malonda abwino lero.