Ankati ndi wosamva, pomwe sankamvadi

Ine si dokotala, ndimangosamalira okalamba kuno ku Leicester, koma lero ndiloleni ndilankhulepo za makutu ndi pakhosi.

Mwana wanga atangobadwa, tisanatuluke n'komwe m'chipatala, kunabwera mayi wina ndi kachipangizo konga komvera nyimbo. Anamuika m'khutu ali m'tulo, mphindi zochepa chabe, n'kutiuza kuti makutu onse awiri ali bwino. Ku England khanda lililonse limayezedwa chonchi, ulere, kuyambira 2006. Ine misozi inalengeza, poti ndinakumbukira mlongo wanga ku Ntcheu. Khutu lake linkachucha mafinya chaka ndi chaka. Agogo ankalitokosa ndi nthenga ya nkhuku, mwina kudontheza mafuta ophikira. Kuchipatala chathu chaching'ono ankangomupatsa panado osasuzumira m'khutumo, chifukwa chounikira panalibe. Kusukulu ankati ndi mwana wosamva, zikoti tsiku ndi tsiku. Sankamvadi, koma osati kusamva kumene aphunzitsi ankanenako. Analekezera Sitandade 5.

Musaganize kuti kuno amangothamangira mpeni. Mwana wanga uja atakula ankavutika ndi zilonda zapakhosi, ine n'kukakamira kuti amuchotse ma tonsils. Adokotala anakana. Anati amayembekeza mwana adwale kasanu ndi kawiri pachaka chimodzi, kapena kasanu pachaka kwa zaka ziwiri, kapena katatu pachaka kwa zaka zitatu, chifukwa opaleshoniyi imatha kutayitsa magazi patapita masiku, ndipo ana ambiri vutoli limawathera lokha. Ndinatuluka nditakwiya, ndikuti akungoumira ndalama. Lero mwanayo ali gwa, ma tonsils ake ali momwemo.

Mavuto aliponso. NHS, yomwe imayendetsa zipatala za boma kuno, imati munthu ayambe kuthandizidwa pasanathe masabata 18, koma ku makutu, mphuno ndi pakhosi mzere wake ngotalika kuposa pamenepo. Ngakhale kutsuka litsiro la m'khutu, zipatala zambiri za m'madera zinasiya. Agogo anga ena kuntchito amalipira m'thumba mwawo, kapena amangokhala osamva wailesi.

Kwathu anthu odziwa ntchitoyi alipo. Dr Wakisa Mulwafu, dokotala woyamba wa Chimalawi wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi, anakhazikitsa ntchitoyi ku Queens ku Blantyre, ndipo ma clinical officer akhala akuphunzitsidwa zomwezi. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Koma mayi wa ku Ntcheu angakafike bwanji kumeneko ngati palibe amene wamuuza kuti mafinyawo akuboola kachikopa ka m'kati mwa khutu? Kapena kuti mwana akachira malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ayezedwe ngati akumvabe?

Chounikira m'khutu chija ndachifufuza, mtengo wake sukuposa wa nsapato zimene ndinatumizira mphwanga chaka chatha. Disembala uno ndikubwera nazo ziwiri ndi mabatire ake. Amene muli ndi m'bale wogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndilembereni.