Ndege za pa Kanema ndi Anthu Amene Anaziyendetsadi

Anthu ambiri a m'boma lathu lino la Ntcheu sanakwerepo ndege cibadwire, koma ndege za nkhondo aziona kawirikawiri pa kanema. Makolo athu anayamba kuona kanema pa nsalu yoyera, pamene galimoto za boma zinali kuyendera midzi usiku. Zithunzi zina za masiku amenewo zinali kupangidwa ndi bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba nchito m'caka ca 1948. Ife a mbadwo wotsatira tinaonera m'tinyumba ta vidiyo pa Ntcheu boma ndi pa Lizulu, titapanikizana pa mabenchi, jenereta irikulira kunja. Ana a lero amaonera pa foni ya m'manja, ndipo anyamata ena ocenjera amawamasulira mau m'cinenero cathu.

Funso limene ndifuna kuti tiganizire pamodzi ndi ili: kodi anthu amene anayendetsadi ndege pa nkhondo amati ciani akaona zithunzi zimenezi? Ife timaomba m'manja ndege ya mdani ikapsya, koma iwo anali m'katimo. Pa bwalo la milandu mfumu yanzeru imayamba yamva mboni imene inalipo, isanamve munthu wongouzidwa. Tiyeni nafenso timve mboni.

Munthu woyamba kundiphunzitsa kufunsa cotere anali agogo anga aamuna, obala amai. Iwo sanali woyendetsa ndege ai. Anali msilikali wa pansi m'gulu la King's African Rifles, ndipo anamenya nkhondo ku Burma. M'caka ca 1944 asilikali a ku Nyasaland, pamodzi ndi anzao a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia, analowa m'cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula, napitikitsa Ajapani kufikira ku mtsinje wa Chindwin. Cigwa cimeneco cinali ca matope ndi malungo, ndipo miseu inali yoonongeka. Cakudya cao cambiri cinali kubwera ndi ndege za mtundu wa Dakota. Ndegezo zinali kuponya katundu pa maparachuti, ndiwo maambulera akulu a nsalu. Matumba ena a mpunga zinali kungowagwetsa opanda ambulera, kotero kuti munthu wosacenjera akadatha kuphedwa ndi cakudya cace comwe.

Agogo anali kunena kuti mwa oyendetsa ndege onse amene anawaona, olimba mtima kopambana anali a Dakota amenewa. Ndege zao zinali zocedwa, zopanda mfuti zodzitetezera, ndipo zinali kupyola m'mitambo yakuda pakati pa mapiri kukafuna kagulu ka anthu kobisika m'nkhalango. Mitambo ikatseka masiku angapo, asilikali anali kucepetsa cakudya. Tsono ife adzukulu tikawafotokozera za kanema wa ndege amene taonera, iwo anali kungofunsa ngati m'kanemamo munagwa mvula. Tikayankha kuti kumwamba kunali koyera kuti mbee, anali kuseka, nati imeneyo inali nkhondo ya cilimwe.

Kanema wa nkhondo ya ku Burma analipo ndithu, dzina lace Objective, Burma!, ndipo anapangidwa ku America m'caka ca 1945. Nkhani yace ndi ya asilikali a ku America amene akudumpha m'ndege ndi maparachuti nalowa m'nkhalango kukamenyana ndi Ajapani. Koma nkhondo yaikulu ya ku Burma inamenyedwa makamaka ndi Amwenye, Angerezi, asilikali a ku Nepal ndi anthu a ku Africa pafupifupi 90,000. Kanemayu atafika ku London, manyuzipepala ndi asilikali anakwiya kwambiri, ndipo patangopita sabata imodzi eni ace anamcotsa. Anabweranso m'caka ca 1952, atawonjezerapo mau olemekeza asilikali amene anasiyidwa aja. Apa tiona mlandu woyamba umene anthu a ku nkhondo amazenga kanema, ndiwo wa kuiwala anthu amene analipo.

Mlandu waciwiri ndi wa kukometsera nkhani. M'caka ca 1955 ku England anapanga kanema wochedwa The Dam Busters. Nkhani yace ndi yoona. Usiku wa pa 16 May 1943 ndege 19 za mtundu wa Lancaster zinanyamuka ndi anthu 133 kukagumula madamu akulu a ku Germany. Mtsogoleri wao, Guy Gibson, anali mnyamata wa zaka 24 zokha. Kuti bomba lidumphe pamwamba pa madzi monga mwala wophwathalala umene ana amaponya pa dziwe, ndege iriyonse inayenera kuuluka mamita 18 okha pamwamba pa madzi, usiku. Anagumula madamu awiri, la Möhne ndi la Eder. Ndege 8 sizinabwerere; anthu 53 anafa, ndipo 3 anagwidwa.

M'kanemayu muli zinthu zina zopeka. Pofuna kudziwa kutalika kwace pamwamba pa madzi, ndege iriyonse inali ndi nyali ziwiri zounikira pansi, ndipo kuwala kwace kukakumana, oyendetsa anali kudziwa kuti afika poyenera. Kanema aonetsa ngati Gibson anapeza nzeru imeneyi poonerera atsikana obvina m'nyumba ya masewero, koma zoona zace nzakuti inacokera kwa katswiri wina wa boma, Benjamin Lockspeiser. Ndiponso pojambula kanemayu, oyendetsa ndege a Royal Air Force anapemphedwa kutsika kufikira mamita 9, cifukwa mamita 18 aja sanali kuoneka oopsya pa cithunzi. Taganizani, coonadi cimene cinapha anthu 53 cinaoneka cocepa pa nsalu! Komabe kanemayu wakhala wolemekezeka mwa asilikali a ndege, popeza pomaliza pace alibe cikondwerero. Aonetsa zipinda zopanda eni ndi mipando yopanda okhalapo, ndipo mtsogoleri acoka wacisoni kukalemba makalata kwa abale a omwalira. Gibson mwini wace sanaone kanemayu, pakuti anafa m'ndege mu September 1944. Pansi pa madamu aja madzi anapha anthu oposa 1,000, ambiri a iwo akapolo a nkhondo ogwidwa ku maiko ena, koma iwowa kanema sawawerenga.

Opanga kanema wa Battle of Britain, wa m'caka ca 1969, anaitana adani akale kuti akhale aphungu ao. Ku mbali ya England kunali Douglas Bader, amene anayendetsa ndege pa nkhondo ali wopanda miyendo yonse iwiri, ndi Robert Stanford Tuck; ku mbali ya Germany kunali Adolf Galland. Amuna amene m'caka ca 1940 anali kufunana kuphana mlengalenga anakhala pamodzi kukonza zolakwa za ojambula. Ndege zimene zinasewera ngati za Germany anazipeza ku Spain, ndipo zinali ndi injini za ku England. Kwa ife zonse ndi ndege basi, koma woyendetsa ndege amazindikira msanga pongoona mphuno yace, monga mwini ng'ombe azindikira ng'ombe yacilendo m'khola mwace ngakhale kuli cizirezire.

Kanema amene ana athu ambiri amdziwa ndi Top Gun, wa m'caka ca 1986. Ndege za F-14 zimene ziri m'menemo nzenizeni, ndipo oziyendetsa anali asilikali enieni a gulu la nkhondo la pa madzi la ku America. Sukulu imene akuonetsa iliponso ndithu. Koma cikho cimene anyamata aja akulimbirana sicinakhalepo konse, ndipo ndege za mdani, zimene akuzicha MiG-28, zinali za ku America komweko zozipaka utoto wakuda. Mphunzitsi wina wakale wa pa sukuluyo, Guy Snodgrass, anaulula kuti munthu akachula mau a m'kanemayu pa sukulupo amalipa madola 5. Oyendetsa ndege amamkonda kanemayu monga tikondera nthano ya Kalulu, koma amadziwa kuti munthu wodzitama, wosamvera malamulo, sakhalitsa m'nchito imeneyi.

Nanga ndi kanema uti amene eni nchito amamuyamikira? Asilikali ambiri a ku America amene anaponya mabomba ku Germany anachula Twelve O'Clock High, wa m'caka ca 1949, kuti ndiye wonena zoona. Codabwitsa ncakuti m'menemo kuuluka kuli kocepa. Nkhani yambiri icitikira pansi, m'maofesi ndi m'zipinda zogona. Tiona anyamata otopa, oopa kunyamuka m'mawa, ndi anzao akuwerenga ndege pobwera madzulo kuti adziwe zimene zasowa. Mkulu wao ndi munthu wouma mtima, koma pomaliza iyenso thupi limkanika, alephera kukwera m'ndege, nangokhala duu pa mpando osalankhula. Gulu limene kanemayu afotokoza, la Eighth Air Force, linataya anthu oposa 26,000 pa nkhondoyo. Pambuyo pace ankhondo a ku America anagwiritsa nchito kanemayu pophunzitsa atsogoleri ao.

Pamenepa ine ndaona kuti oyendetsa ndege a nkhondo amakhululuka bodza laling'ono, monga la utoto kapena la injini, amangoseka nkupitirira. Cimene cimawawawa ndi kanema wobisa mantha, wocepetsa akufa, kapena wopereka ulemu wa anthu ambiri kwa munthu mmodzi. Amadziwanso kuti mdani wa munthu wa m'ndege sakhala wa mfuti yekha. Nkhungu, phiri lobisika ndi kutopa zapha oyendetsa ndege ambiri popanda cipolopolo ngakhale cimodzi.

Ife a ku Ntcheu tinaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali athu a Malawi Defence Force, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu. Inanyamula Waciwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Klaus Chilima, ndi anthu ena 8. M'nyengo yoipa, isanafike ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Inapezeka m'mawa mwace, onse 9 atamwalira. Cakudza siciyimba ng'oma. A Chilima tinawaika kuno kwao ku Nsipe pa 17 June, ndipo khamu la anthu linali losawerengeka. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyi analemba kuti ndegeyo inali kuuluka munsi m'nyengo yoipa, oyendetsa osaona bwino kutsogolo, ndipo inagunda citunda.

M'ndegemo munali asilikali atatu amene anali pa nchito: a Colonel Owen Sambalopa ndi a Major Flora Selemani, oyendetsa, ndi a Major Wales Aidin, mmisiri wa ndege. Ndegeyo inalibe makina osunga mau a oyendetsa, kotero palibe munthu wamoyo amene anamva zimene anauzana pa mphindi zomaliza. Tsiku lina wina adzafuna kupanga kanema wa ulendo umenewu, ndipo mau onse a m'cipinda ca oyendetsa adzacita kupeka. Ana athu akadzaona adzayesa kuti ndi momwe zinakhalira. Ncifukwa cace ndikupemphani, abale anga, kuti tizolowere kufunsa tsopano lino: kodi wopanga cithunzi ici anafunsa anthu amene analipo? Kodi wasiya ndani? Kodi anzao a nchito a anthu akufawa akadzaona adzabvomereza?

Sindinena kuti tileke kuonera kanema. Kanema amasangalatsa, ndipo anyamata ndi atsikana ena afuna kuphunzira za ndege cifukwa ca zimene anaona pa nsalu. Ndingoti tisamuyese mboni, pakuti iye ndi mlakatuli wofuna kuti omvera asagone.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu muli ndi mwai umene kale munalibe. M'nyumba za vidiyo anthu amaimirira nkutuluka malemba akangoyamba kukwera pomaliza, poyesa kuti nkhani yatha. Koma kawirikawiri coonadi cimakhala m'malemba momwemo. Kanema wa Battle of Britain amatha ndi mndandanda wa maiko amene anatumiza oyendetsa ndege, pamodzi ndi ciwerengero ca amene anafa. Mwa anthu pafupifupi 3,000 a mbali ya England, oposa 500 sanaione nkhondoyo kutha kwace. Pomaliza pa Top Gun pali dzina la Art Scholl, woyendetsa ndege amene anagwera m'nyanja ya Pacific m'caka ca 1985 alikujambula kanema yemweyo, ndipo mtembo wace sunapezeke. Khalani pansi kufikira malemba atha, ndipo muwerengereko mnzanu wa pambali panu amene sanayambe sukulu.

Cinanso ndi ici. Asilikali a ku Burma atsala owerengeka m'dziko muno, koma ana ao ndi adzukulu ao alipo m'midzi yathu ya Amfumu Gomani, ku Lizulu, ku Nsipe, ku Tsangano ndi ku Bwanje, ndipo akumbukira zimene anauzidwa pa moto. Tengani kope ndi pensulo, mukhale nawo pansi mwaulemu, mulembe dzina la msilikaliyo, mudzi wace, kumene anamenya nkhondo, ndi zimene anaona zirikugwa kucokera kumwamba. Zilembo zanu zingakhale zokhotakhota, musacite manyazi. Munthu wodzapanga kanema wa asilikali athu adzafuna mboni, ndipo kope lanu lidzakhala limodzi mwa mboni zimenezo.