Makutu Awiri a Alan Blumlein

Munthu woyenda usiku akamva galu akuuwa, amadziwa mbali yothawira asanamuone n'komwe. Phokoso limayamba kufika m'khutu loyandikira, ndipo mutu umalitchinga pang'ono lisanafike m'khutu linalo. Ubongo ndiwo umamasulira kusiyanako.

Mu 1931, Alan Blumlein, injiniya wa kampani ya EMI ku England, anakhumudwa poonera kanema chifukwa wosewera ankaima mbali ina pamene mawu ake ankatulukira kwina. Pa 14 December chaka chomwecho analembetsa nzeru yake yojambula mawu m'njira ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Mu 1934 anaiyesa ku Abbey Road pa nyimbo ya Mozart, Sir Thomas Beecham akutsogolera oimba, ndipo womvera ankatha kuloza ndi chala pomwe panakhala woimba aliyense.

Mu 2012 Dolby Atmos inapitiriza ntchitoyi. Wokonza nyimbo tsopano amatenga liwu limodzi n'kuliika kutsogolo, kumbuyo, ngakhale pamwamba pa mutu wa womvera. Ena luso limeneli lawaledzeretsa: amazunguliza ng'oma ngati kamvuluvulu, mpaka khutu limatanganidwa ndi kuilondola, nyimbo n'kuiwalika. Blumlein ankangofuna kuti mawu azichokera pakamwa pa mwini wake.

Amalonda a m'nthawi yake sanachite nazo changu. Iye anafa pa ngozi ya ndege pa 7 June 1942, akuyesa makina a radar, ali ndi zaka 38 zokha. Zimbale za stereo zinadzafala m'masitolo mu 1958.