Land Rover ya pansi pa mango

Kwathu ku Thyolo kuli mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, ndipo pansi pake panakhala Land Rover ya agogo aamuna kwa zaka 11 osasuntha. Ife awiri, ana a m'nyumbamo, tinakula tikuiona ngati khola. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala, amayi ankayanika mfutso paboneti, ndipo tikalakwa tinkabisala kunsi kwake. Matayala anaphwa kalekale mpaka anatitimira m'dothi.

Sabata yomwe kalata ya fizi ya kuno ku koleji inafika, kunabweranso anyamata awiri ogula zitsulo zakutha. Anaizungulira, anagogoda zitseko, n'kutchula mtengo. Ndalama yake ikanakwana theka la fizi ya wamkulu mwa ife, amene akulemba nkhaniyi. Amayi anawauza kuti abwerenso Lamlungu.

Madzulo ake kunafika amalume, amene anagwirapo ntchito ya umakaniko pa esiteti ina ya tiyi mpaka kupuma. Atamva nkhaniyo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, musafulumire. Ndipatseni ana awa chaka chimodzi. Ikapanda kulira, ndikaitana ndekha ogulawo."

Amayi sanaseke. "Achimwene, fizi sidikira chaka," anatero. Koma m'mawa mwake anagulitsa mbuzi zawo ziwiri ndi nandolo amene anasungira Khirisimasi ya alendo. Tinadziwa kuti kuyambira tsikulo chitsulo chilichonse chimene tigwire chili ndi ngongole.

Chifukwa chimene amayi analolera tinkachidziwa ngakhale sanachitchule. Msewu wakwathu mvula ikagwa umasanduka phala. Agogo ali moyo, galimotoyi ndi imene inkatengera odwala kuchipatala usiku. Chifereni injini yake, wodwala amanyamulidwa pamachira mpaka kumsewu waukulu, kapena amagwiriziridwa pakati pa anthu awiri panjinga yamoto.

Usiku woyamba amalume sanatipatse sipanala. Anatiuza mbiri. Land Rover yoyamba inaonetsedwa mu mzinda wa Amsterdam pa 30 Epulo 1948. Anaikonza ndi Maurice Wilks wa kampani ya Rover, ndipo inkapangidwa ku Solihull m'dziko la England. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha chitsulo chinkasowa, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Yathuyi ndi Series III, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Ndi yaitali ija, ya mainchesi 109 kuchokera patayala lakutsogolo kufika lakumbuyo, ndipo injini yake ndi ya petulo, ya malita 2.25, yokhala ndi mapisitoni anayi. Ife tinkamvetsera mothamanga mtima. Tinkafuna kumasula basi.

Mpata tinaupeza amalume atapita kumaliro kwa masiku atatu. Tinachotsa boneti, zitseko, mipando ndi malata a pansi, ndipo bawuti iliyonse tinkaiponya mu ndowa imodzi. Ena akakana, tinkawakakamiza ndi masipanala amene tinabwereka kwa wokonza njinga zamoto. Amalume atabwera anayang'ana ndowayo, anatola bawuti imodzi imene mutu wake unali utasalala, n'kufunsa, "Ana inu, iyi inachokera pati?" Palibe anayankha. Anatola ina. "Nanga iyi?"

Ndi pamenepo tinamva kuti mabawuti ambiri a galimotoyi ndi a mainchesi, pamene masipanala amene tinabwereka anali a mamilimita. Sipanala ya 13 imalowa ndithu pamutu wa theka la inchi, koma imasewera pang'ono, ndipo pabawuti ya dzimbiri kusewera kumeneko n'kumene kumadya makona. Amalume sanakalipe. Anatikhuthulira ndowayo pamphasa n'kunena kuti aliyense apeze kwawo kwa bawuti iliyonse. Zinatitengera masiku anayi. Kuyambira pamenepo chilichonse chochotsedwa chinkalowa m'kathumba ka shuga kolembedwa dzina, ndipo tinkachijambula m'kope la masamu limene linatsala ku sekondale.

Thupi titalichotsa lonse, tinakumana ndi vuto lenileni. Kunja galimotoyo inkaoneka yabwinobwino chifukwa aluminiyamu sachita dzimbiri ngati chitsulo. Koma chasisi, chimene chili ngati makwerero ogonekedwa pansi ndipo chimasenza zonse, ndi chachitsulo. Amalume anatipatsa hamala yaing'ono kuti tizigogoda paliponse n'kumamvetsera. Pamene pali pabwino pamalira ngwee. Pamene padyeka pamangoti phu. Titafika pamtanda wakumbuyo, hamala inalowa yonse, ndipo munatuluka matope ouma ndi nyerere. Amayi, amene ankaonerera ali pakhonde, anangoti, "Chikomekome cha nkhuyu," osamaliza mwambiwo, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku limenelo tinafuna kusiya. Tinawerengera mtengo wa mbuzi ziwiri zija n'kuona kuti taononga ngakhale chimene ogula zitsulo akanatipatsa, poti tsopano galimoto inali mulu wa zidutswa. Amalume anayeza malo odyekawo ndi chingwe, anawalemba ndi choko, ndipo anapeza kuti mbali ziwiri zazitali zinali zolimba. Kunyumba kulibe magetsi, choncho tinakweza chasisi palole yonyamula nthochi kupita nacho kwa owotcherera patauni. Anadula zowola n'kuikapo zitsulo zatsopano. Chitabwerako tinachipala ndi bulashi yawaya kwa sabata yathunthu, tinachipaka penti wofiira woletsa dzimbiri, kenako wakuda. Pamene aluminiyamu amakhudzana ndi chitsulo tinapeza ufa woyera ndi timabowo. Amalume anati zitsulo ziwirizi zikagundana pachinyezi, aluminiyamu ndi amene amadyeka, choncho pomanganso tinkaika kachidutswa ka chubu pakati pake.

Injini inali itagwirana. Tinachotsa mapulagi, tinathira dizilo m'mabowo mwake, n'kuisiya. M'mawa uliwonse tinkayesa kuitembenuza pang'ono ndi chitsulo chachitali, osakakamiza. Tsiku la 12 inasuntha pang'ono ngati chala. Tinatsegula mutu wake, tinapala mwaye wouma, ndipo tinakwera minibasi kupita ku Blantyre kukasaka maring'i ndi gasiketi. Ku Ndirande tinayenda tsiku lonse titanyamula zakalezo m'jumbo, chifukwa amalume anatiuza kuti tisagule kanthu osakagundanitsa ndi chakale.

Lachisanu lililonse dzuwa likamapendeka tinkatola masipanala, kuphimba injini ndi lona, n'kukasamba ndi sopo wochapira. Girisi sankachoka m'zikhadabo, moti m'kalasi ya Sukulu ya Sabata tinkabisa manja pansi pa buku. Tivomere kuti kupumitsa manja kunali kosavuta kusiyana ndi kupumitsa mutu. Koma kangapo konse, bawuti imene inatikanika Lachisanu titatopa ndi kukwiya inamasuka Lamlungu m'mawa popanda mkangano.

Ntchitoyi inkayenda patchuthi pokha. Sukulu ikatsegulira, wamng'ono ankatsala akupala zitsulo akaweruka, ndipo wamkulu ankalandira zithunzi pa WhatsApp pakati pa maphunziro a kaphunzitsidwe. M'kalasi timaphunzira kuti mwana amagwira bwino chimene wachipeza yekha kusiyana ndi chimene wangouzidwa. Pamayeso tinkalemba zimenezi bwinobwino. Koma kunyumba, amalume akatisiya tikulakwitsa iwo akuona, tinkawakwiyira.

Tsiku loliza injini linafika mu Julayi, patatsala mwezi umodzi kuti chaka cha amalume chithe. Tinabwereka batire, tinathira petulo pang'ono m'kabuleta, n'kupotokola kiyi. Inaphulika ngati mfuti, nkhuku zonse balala. Tinayesanso, chimodzimodzi. Amalume anakhala pachitsa akusenda nzimbe. Patapita ola lathunthu anafunsa, "Kodi mapisitoni amayaka motsatana bwanji?" Tinatsegula kope lija. Tinalemba tokha miyezi isanu m'mbuyomo: 1, 3, 4, 2. Ife tinali titalumikiza mawaya a mapulagi 1, 2, 3, 4 ngati tikuwerenga ku sitandade 1. Titasinthanitsa, inatsokomola kawiri, n'kulira. Utsi unadzaza pansi pa mango. Amayi anatuluka ndi mthiko m'manja, anaima, ndipo sananene kanthu kufikira titaizimitsa.

Tinkafuna kuiyendetsa tsiku lomwelo. Amalume anachotsa kiyi n'kuika m'thumba mwawo. "Kuyenda n'kosavuta," anatero. "Phiri lathuli ifunika kudziwa kuima." Masabata atatu otsatira anathera pamabuleki: mapaipi atsopano, timalabala tatsopano m'mawilo onse anayi, ndi kupopa mpaka mpweya wonse utatuluka.

Ulendo woyamba unali wochokera kudimba, m'kanjira ka m'munda mwathu, titanyamula matumba asanu ndi limodzi a mbatata. Amalume ndiwo ankayendetsa, amayi ali pambali pawo. Pachitunda choterera anaima, anakokera kumbuyo ndodo ya mutu wofiira ija, imene imapatsa mphamvu matayala onse anayi ndi kuchepetsa liwiro, ndipo galimoto inakwera pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo. Ife tinali kumbuyo pamatumba, tikumvetsera phokoso lililonse, poti bawuti iliyonse tinkaidziwa kwawo.

Sinathebe. Nyali zakumbuyo siziyaka, giyabokosi ikudontha oyilo, ndipo sitingaitulutse pamsewu isanakayezedwe n'kupatsidwa COF ndi inshuwalansi. Mmodzi wa ife ayeneranso kupeza laisensi. Mvula ya Disembala ikuyandikira, ndipo anthu a m'mudzi ayamba kale kufunsa ngati ikhale itakonzeka.

Tisananyamuke kubwerera kuno ku koleji tinafunsa amayi ngati akadali ndi nambala ya anyamata ogula zitsulo aja. Anati anaifufuta. Kenako anawonjezera kuti, "Koma mbuzi zanga ziwiri sindinaiwale." Tinatsegula kope lija, ndipo patsamba lomaliza, pansi pa mndandanda wa zotsala, tinalembapo: mbuzi 2.